Chakudza Sichiimba Ng'oma

Mwambi wakuti chakudza sichiimba ng'oma umamveka kawirikawiri zinthu zitaonongeka kale. Timaunena pasiwa, munthu amene dzana lomweli amakwezera chimanga chake atagona chigonere. Timaunena matalala akaswa fodya amene amayembekezera kuthyoledwa sabata yamawa, kapena njinga ya kabaza ikakumana ndi thiraki pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita kuchipata cha Mchinji. Akuluakulu amangopukusa mitu n'kuunena, ndipo palibe wowatsutsa. Kuno kwa Zulu, m'boma la Mchinji, monga m'midzi ina yonse, chinthu chokonzedwa chimadziwika msanga. Ng'oma ikalira madzulo mudzi wonse umadziwa kuti mawa kuli gule, amayi amayamba kusinja, anyamata amakatema nkhuni. Tsoka lokha ndilo limafika osatumiza mthenga.

Pa moyo weniweni mwambiwu ulibe potsutsira. Koma m'nthano ndi m'nkhani zazifupi, zija timawerenga m'mabuku a kusukulu ndi m'nyuzipepala, umagwira mbali imodzi yokha. Kwa munthu wa m'nkhani, chakudza sichiimbadi ng'oma. Komatu mmisiri wa nkhani amaiimba ng'omayo, n'kuiimbira ife omvera tokha. Ife tamva, mwini tsoka sadamve. Iye akuyenda akuseka, akukonza za mawa, akulankhula mawu amene kwa iye ali ndi tanthauzo limodzi pomwe kwa ife ali ndi awiri. Mpata umenewu, wa pakati pa zimene tikudziwa ife ndi zimene akudziwa iye, ndiwo umagwira womvera mpaka nsima kuzizira m'mbale. Olemba achinyamata ambiri amayesa kuti chidwi chimabwera pobisa. Ine ndikuti chidwi chachikulu chimabwera poulula msanga, bola uulule kwa woyenera.

Titenge nkhani yopeka, yopanda mwini, kuti tione bwino. Bambo wina wagulitsa fodya wake ku Kanengo, watapa ndalama kubanki, wazikulunga m'kajumbo. Kunyumba kuli matumba atatu a mtedza. Usiku mkazi ali m'tulo, bamboyo akumasula thumba lachitatu, akukankhira kajumbo kaja pansi penipeni, n'kusokanso pakamwa pa thumbalo. Sadamuuze mkazi wake chifukwa akufuna adzangomuonetsa malata atafika kale pakhomo. M'mawa mwake kwabwera uthenga wa maliro kutsidya kwa malire, cha ku Chipata, ndipo wanyamuka. Tsiku lachiwiri mwana wawo wa Fomu 3 wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mayi akuganiza zogulitsa thumba limodzi la mtedza.

Wolemba wina angabise za kajumbo kaja mpaka kumapeto. Tingawerenge masamba anayi a mayi akupita kumsika, akugulitsa, akulipira fizi, ndipo tizingodzifunsa kuti kodi nkhaniyi ikulowera kuti. Pamzere womaliza bambo wafika, wayang'ana matumba, wagwa pansi. Tidzidzimuka ndithu, koma kudzidzimukako n'kwa kamphindi, ndipo masamba anayi aja tawadutsa mitima ili zii.

Tsopano wolemba atiuze za kajumbo pandime yoyamba. Onani mmene zonse zasinthira. Mayi waima patsogolo pa matumba atatu. Wagwira loyamba, waona kuti makoswe adaliboola pangodya, walisiya. Lachiwiri ndi la mbewu, sangaligulitse. Dzanja lake likupita pa lachitatu, ndipo wowerenga wayamba kale kupuma mobanika. Mnyamata wa kabaza akulimanga thumbalo ndi mphira, akudandaula kuti likulemera. Pa Kamwendo venda akulikoleka pasikelo, akumasula pakamwa, akupisa dzanja mpaka m'chigongono.

"Mtedza wanuwu sudaume bwino, mayi."

"Sudaume uti, achimwene? Talumani nokha mumve."

Venda akuti akhuthule pa lona kuti aone ngati pansi mulibe miyala. Wakhuthula theka, foni yake yalira, wasiya. Akabweranso akungoti basi, ndakukhulupirirani, n'kubwezera mtedza uja m'thumba. Mayi walimbikira mtengo mpaka wawina K50 pa kilogalamu iliyonse, ndipo akubwerera kunyumba nkhope ili ngwee, akuuza mnzake panjira kuti, "Abambo ake akabwera adzaona kuti nanenso malonda ndimawatha." Mawu amenewa alibe chilichonse chachilendo. Mkazi aliyense angawanene. Koma chifukwa cha zimene tikudziwa, amatilasa. Palibe mfuti, palibe mfiti, palibe wothamangitsa mnzake, koma mtima wa wowerenga uli dyokodyoko kuyambira pakhomo mpaka pamsika. Nkhani ndi yomweyo, anthu ndi omwewo. Chasintha ndi nthawi imene wolemba watipatsira chinsinsi.

Luso limeneli sitidaliphunzire kwa azungu. Agogo athu adali nalo kalekale. Mwana aliyense amene adakhalapo pamoto madzulo, akuyankha kuti tili tonse, amakumbukira Kalulu atapatsa Njovu nsonga imodzi ya chingwe, nsonga inayo n'kupatsa Mvuu kumtsinje, aliyense mwa awiriwo akuyesa kuti akukokana ndi Kalulu. Ana amaona nsonga zonse ziwiri, zimphonazo zikuona imodzi imodzi. Kuseka kwa ana kumachokera pamenepo, ndipo kudikira kwawo kumachokeranso pomwepo: kodi zizindikira liti? Nanga zikazindikira, Kalulu athawira kuti?

Koma pamene lusoli limaonekera mphamvu yake yonse ndi m'nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J.W. Gwengwe adaisandutsa buku m'zaka za m'ma 1960, ndipo mibadwo ya ana asukulu idakula nayo. Abale awiri apita kutali kukasaka chuma. Pobwerera, Gwenembe wapha Sikusinja panjira chifukwa cha kaduka ndi katundu. Wokamba nthano sabisa kanthu. Kupha kuja timakuona ndi maso athu, pakati pa nkhani, osati kumapeto. Wolemba wosadziwa akadaganiza kuti apa nkhani yatha mphamvu, poti wakupha tamudziwa kale. Komatu mphamvu yake ndiye yangoyamba kumene. Mbalame yayamba kumutsatira Gwenembe ikuimba zimene wachita. Waipha, yabweranso. Mudzi ukuyandikira. Kumudziko kuli anthu amene akuyembekezera ana awiri, ndipo alandira mmodzi ndi nthungululu, amufunsa za mbale wake, iye awanamiza. Ife tikudziwa zonse, mudzi sukudziwa kanthu, ndipo mbalame ili m'njira. Funso lakuti ndani adapha mulibemo. Funso ndi lakuti choonadi chifika liti, chifika bwanji, ndipo makolo aja chiwapeza ali pati. Funso lachiwirili ndi lolemera kuposa loyamba, chifukwa loyamba limangofuna nzeru pomwe lachiwiri limafuna mtima.

Ndimaona kuti m'nthanoyi muli mipata iwiri yosanjikizana. Anthu a kumudzi sadziwa zimene Gwenembe akudziwa. Gwenembe nayenso sadziwa zimene ife tikudziwa, zakuti choipa chitsata mwini, ndipo mbalame yotere siifa ndi mwala. Nthawi iliyonse akaipha n'kupumira m'mwamba kuti zatha, ife timadziwa kuti sizidathe. Motero timadera nkhawa makolo, komanso mwanjira ina yovuta kuifotokoza timadera nkhawa wakuphayo, poona munthu akuthamangira kumene kuli chiweruzo chake akuyesa kuti akuthawa.

Amene adakulira m'tchalitchi, kaya ku Ludzi, ku Guilleme kapena m'mipingo ya CCAP ya m'midzimu, adakumana ndi luso lomweli m'Baibulo. Pa 2 Samueli chaputala 11 pali nkhani yaifupi imene wolemba aliyense amayenera kuiwerenga kawiri pachaka. Mfumu Davide yachimwa ndi mkazi wa Uriya, msilikali wake amene ali kunkhondo, ndipo mkaziyo waima. Davide waitanitsa Uriya kuti akagone kunyumba kwake, mlandu ukwiririke. Uriya wakana, wagona pakhomo pa nyumba ya mfumu, chifukwa anzake akugona kuthengo. Davide wamuledzeretsa, komabe sadapite. Pomaliza mfumu yalemba kalata kwa Yowabu, mkulu wa nkhondo, yomuuza kuti amuike Uriya pamene nkhondo yatentha kenaka amusiye yekha. Ndipo kalatayo wapatsidwa Uriya mwini kuti akapereke. Wolemba sadawonjeze mawu odandaula, sadatiuze zoti timve chisoni. Wangotionetsa munthu wokhulupirika atanyamula imfa yake m'manja, osaitsegula chifukwa ndi wokhulupirika. Chimene chikumupha ndi khalidwe lake labwino lomwelo. M'chaputala chotsatira mpata uja watembenuka. Mneneri Natani akusimbira mfumu za munthu wolemera amene adalanda kankhosa kamodzi ka mmphawi, Davide wapsa mtima, wagamula mlandu mwaukali, osadziwa kuti akudzigamula yekha. Ife owerenga tadziwa kuyambira pachiyambi kuti kankhosako ndani, ndipo tikudikira kuti chala cha mneneri chiloze.

Alfred Hitchcock, katswiri wa mafilimu oimitsa mtima, adafotokozera François Truffaut mfundo yomweyi pa macheza awo a mu 1962. Adapereka chitsanzo cha anthu ocheza patebulo pansi pake pali bomba. Likangophulika oonera osadziwa kuti lilipo, adzidzimuka kwa masekondi ochepa. Koma akaliona likuikidwa, n'kudziwa nthawi imene liphulike, macheza wamba a patebulopo amasanduka mphindi zambiri za nkhawa, woonera akufuna kukuwa kuti anthu inu tulukani. Iye adaipeza mfundoyi m'nyumba zojambulira mafilimu, agogo athu adaipeza pamoto wa chitsa.

Kufuna kukuwa kumeneko ndiko phata la nkhani yonse. Kuli ngati munthu waima pachulu nthawi ya lupsa, akuona moto ukuyandikira mayi amene akumweta udzu kudambo atafulatira, akukuwa koma mphepo ikubweza mawu. Womvera nthano amaikidwa pachulu pamenepo dala. Ali ndi maso, alibe manja. N'chifukwa chake ana amalephera kudziletsa, amakuwa kuti usalowe, usadye, usamukhulupirire, ngakhale akudziwa kuti munthu wa m'nthano samva. N'chifukwa chakenso pa sewero la pasukulu, mwamuna akabisala kuseri kwa chitseko mkazi akulankhula momasuka, holo yonse imachita phokoso. Anthu a m'boma lino lomwe wailesi za ku Zambia zimamveka bwino, makamaka achikulire, amakumbukira Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo ya pa Radio Zambia, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Munthu mmodzi yemweyo amalankhula mawu a atengambali onse, ndipo Ernst Wendland adasonkhanitsa zina mwa nkhani zakezo n'kuzisindikiza. Wokamba nkhani pawailesi alibe nkhope yoti ationetse, alibe chitseko choti abise munthu kuseri kwake. Chuma chake chonse ndi mawu, ndi kusankha kuti ichi ndiwauze tsopano, ichi ndisunge. Amene amasunga mudzi wathunthu mozungulira kawailesi kamodzi ka mabatire amakhala atakudziwa kusankha kumeneko.

Ena amatsutsa kuti nkhani ukaidziwa mathero ake yatha kukoma. Akadakhala kuti akunena zoona, bwenzi nthano zonse zidafa kalekale, chifukwa palibe mwana amamva ya Kalulu kamodzi kokha. Bwenzinso mbiri ya makolo isakukambidwa. Angoni a kwa Zulu ndi a kwa Mlonyeni ndi a mtundu wa Mpezeni, ndipo mwezi wa February ambiri amawoloka malire kukachita nawo Ncwala ku Mtenguleni. Mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Mpezeni palibe wamkulu wosaidziwa. Mzungu wa ku Germany, Carl Wiese, adakhala pakati pa Angoni ngati bwenzi, ndipo mu 1891 adapeza kwa Mpezeni chilolezo cha malo ndi miyala ya pansi. Chilolezocho chidakathera m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene inkakhulupirira kuti m'dzikomo muli golide. Mu January 1898 asilikali a Britain adalowa ndi mfuti zazikulu, Angoni adagonja, Nsingo mwana wa Mpezeni adawomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo Mpezeni mwini adasungidwa kwa kanthawi ku Fort Manning, komwe lero ndi Mchinji. Wokamba mbiriyi akafika pamene mfumu ikulandira mlendo uja ndi manja awiri, omvera amati zii. Sakudikira kuti amve mathero. Mathero akuwadziwa, ndipo kuwadziwako ndiko kukupangitsa kuti kulandira alendo kwa mfumu, chinthu chabwino pachikhalidwe chathu, kuwawe kukumva.

Chimodzimodzi nkhani ya pa 4 April 1974. Ndege ya Wenela idanyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana itanyamula amuna ochokera kumigodi ya ku Joni, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo atamaliza makontirakiti. Idagwa itangonyamuka kumene, ndipo anthu oposa 70 adafa. Kafukufuku adapeza kuti mafuta amene adathiridwa m'ndegemo adasakanikirana ndi amtundu wina. Ngoziyi ndiyo idachititsa Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu a Wenela. Kwa amuna aja chakudza sichidaimbe ng'oma ngakhale pang'ono. Koma wolemba amene angafune kuwalemekeza ndi nkhani yaifupi lero sangayambe ndi kubisa. Angayambe ndi mafuta akuthiridwa m'thanki, kenaka n'kutitengera pamzere wa amuna akukwera, wina akuwerenga m'mutu ngongole zimene akabweze, wina akuganiza za mwana amene adabadwa iye atachoka. Maganizo wamba otere amalemera ngati mwala pamene wowerenga akudziwa zimene zili m'thanki. Ndipo polemera choncho, anthu aja amasiya kukhala chiwerengero, amakhalanso anthu.

Apa ndiye pali phindu lenileni la lusoli, ndipo n'chifukwa chake ndimalitenga ngati nkhani yaikulu osati kasewero ka olemba. Kudzidzimutsa kumatipangitsa kuganiza za wolemba, kuti koma ndiye ndi wochenjera. Kudziwitsa msanga kumatipangitsa kuganiza za munthu wa m'nkhani. Timayenda naye, timamuopera, timalakalaka atatembenuka. Mtima umene wazolowera kuopera munthu wopeka suvutika kuopera mnansi weniweni. M'boma la m'malire ngati lino nkhani zotere sizisowa. Amabwera munthu wovala bwino, wolankhula mokoma, kudzatenga anyamata kuti kutsidyaku kuli ntchito yoweta ng'ombe kapena ya m'minda ya fodya, malipiro ake abwino. Makolo amamuphikira nkhuku. Dziko lidachita kukhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015 chifukwa zoterezi zimachitikadi. Nkhani yaifupi imene ingationetse kaye munthuyo akuwerengerana ndalama ndi mwini famu, kenaka n'kutionetsa mayi akumuthira madzi osamba m'manja, ingaphunzitse kuposa chikwangwani chilichonse cha pamsewu. Wowerenga amene wakuwa mumtima kuti mayi musamupatse mwanayo, tsiku lina adzakuwa ndi pakamwa.

Tsono ndikawerenga nkhani zambiri za achinyamata, za m'masamba a Chichewa a nyuzipepala komanso zimene zimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndimapeza chizolowezi chimodzi chimene chimandidandaulitsa. Wolemba amaumira chinsinsi mpaka mzere womaliza. Mtsikana amene mnyamata wakhala akumufunsira apezeka kuti ndi mlongo wake, koma palibe paliponse m'mbuyomo pamene padaikidwa kachizindikiro. Kapena, choipitsitsa, munthu wathamangitsidwa ndi zigawenga masamba atatu, kenaka wadzidzimuka, adali maloto. Wowerenga amamva ngati waberedwa, ndipo waberedwadi, chifukwa adapereka mtima wake pa chinthu chimene wolemba amadziwa kuti kulibe. Achinyamatawa luso la chiyankhulo ali nalo, makambitsirano awo amamveka ngati a pamsika enieni. Chimene chikusowa ndi kukhulupirira wowerenga. Amaopa kuti akamuuza msanga athawa. Sathawa. Munthu amene wamuuza chinsinsi amakhala mnzako, ndipo mnzako sakusiya panjira.

Sindikunena kuti mathero odzidzimutsa onse ndi achabe. Guy de Maupassant adalemba mu 1884 nkhani ya mayi amene adabwereka mkanda wonyezimira kwa mnzake wolemera, n'kuutaya, n'kugula wina wamtengo wapatali mwangongole kuti abweze mwakachetechete. Iye ndi mwamuna wake adavutika zaka khumi akubweza ngongoleyo, ndipo pamapeto pake mwini mkanda adamuuza kuti woyamba uja udali wonamizira, wotsika mtengo. Apa wowerenga amadziwa limodzi ndi mayiyo, pamzere womaliza. Koma yesani kuiwerenganso. Ulendo wachiwiri mukudziwa, ndipo masitepe aliwonse amene mayiyo akukwera ndi ndowa, khobidi lililonse limene akulimbirana pamsika, zikukupwetekani kuposa poyamba. Umenewu ndiwo muyeso wa mathero odzidzimutsa: ngati nkhani ikukoma kwambiri ulendo wachiwiri, kubisako kudali kwa chilungamo. Ngati ulendo wachiwiri mulibe kanthu, wolemba adangotitchera msampha. O. Henry, m'nkhani yake ya mu 1905 ya banja losauka pa Khirisimasi, adagawa pakati. Timaona mkazi akugulitsa tsitsi lake kuti agulire mwamuna tcheni cha wotchi, ndipo tikudikira ndi nkhawa kuti mwamunayo akalowa adzati chiyani. Zakuti iyenso wagulitsa wotchiyo kuti agule zipeso za tsitsi lomwelo timazimva kumapeto. Theka tidapatsidwa kuti tidere nkhawa, theka lidasungidwa kuti litigwetse misozi.

Pali ngozi imodzi imene ndiyenera kuitchula, chifukwa luso lililonse lili ndi pogwera pake. Wowerenga akadziwa zambiri kuposa munthu wa m'nkhani, n'kosavuta kuyamba kumuona ngati chitsiru. Wolemba waulesi amakonda zimenezi. Amatenga munthu wakumudzi, n'kumupititsa ku Lilongwe, n'kumamuseketsa kwa owerenga a m'tauni chifukwa sadziwa kukwera chikepe. Kumeneko kulibe kudikira kulikonse, kuli kunyoza kokha, ndipo munthu amene tikumunyoza sitimuopera. Taonaninso zitsanzo zija. Uriya si chitsiru, ndi msilikali wa ulemu. Mayi wa mtedza uja si wopusa, wachita chimene mayi wanzeru aliyense akadachita mwana atabwezedwa kusukulu, ndipo posankha thumba waganiza bwino: loboola ayi, la mbewu ayi. Mpezeni sadali mfumu yogona. Kusadziwa kwawo n'kumene ifenso tikadakhala nako tikadaima pamalo awo. Wolemba ayenera kumupatsa munthu wake zifukwa zomveka pa phazi lililonse limene akuponda, kuti wowerenga azinena kuti inenso ndikadatero. Akatero, kudziwa kwathu sikutikweza pamwamba pa munthuyo. Kumatikumbutsa kuti nafenso tikuyenda ndi makalata amene sitidawatsegule.

Chinanso n'chakuti chinsinsi chikaperekedwa, chisasiyidwe chigone. Chiziyandikira kuululika, kenaka chizibwerera. Dzanja la venda lifike pafupi ndi kajumbo, foni ilire. Mbalame iphedwe, ibwerenso. Uriya apatsidwe mpata wopita kunyumba, akane, apatsidwenso, akanenso. Agogo amadziwa kuti zoterezi zikachitika kamodzi sizikwana, zikapitirira katatu ana ayamba kusinza. Nkhani yaifupi ilibe malo ambiri, choncho mpata umodzi wa kudziwa, wosamalidwa bwino, ndi wokwanira. Ndipo mathero asakhale okakamiza. Nkhani ya mtedza ija ikhoza kutha venda atabweza ndalama, ikhoza kutha thumba litakwera lole ya ku Lilongwe, ikhozanso kutha bambo akulowa pakhomo mkazi akumulandira ndi chimwemwe, lisiti ya fizi ili m'manja, wolemba n'kuima pomwepo. Mwa atatuwa ine ndingasankhe omalizawa, chifukwa wowerenga atseka buku nkhaniyo ikupitirirabe mumtima mwake.

Kwa aphunzitsi a Chichewa m'masekondale a m'boma lino, pempho langa ndi lakuti popereka ntchito yolemba nkhani, muziwauza ana alembe nkhani imodzi kawiri, koyamba atabisa, kachiwiri ataulula pandime yoyamba, kenaka aziwerenge zonse pamaso pa anzawo ndi kuona pamene kalasi yati chete. Ndipo inu achinyamata amene mukulemba pafoni usiku, kaya muli pa Kamwendo, ku Boma kapena ku Joni, musanayambe dzifunseni kuti ndani akudziwa, ndani sakudziwa, ndipo wowerenga mwamuika mbali iti. M'nkhani yanu yotsatira tiuzeni chinsinsi patsamba loyamba, kenaka mutipatse munthu woti timudere nkhawa.